Makwinya a Bertin ndi nkhope za agogo athu

Mukapeza kabandulo, sakani pa foni chithunzi cha Louis-François Bertin chimene Jean-Auguste-Dominique Ingres anapenta mu 1832. Chili ku Louvre, mumzinda wa Paris. Bertin anali mkulu wa nyuzipepala ya Journal des débats, ndipo apa n'kuti ali ndi zaka 66. Wakhala pampando, mimba yadzaza jekete, imvi zili nyankhalala ngati wangodzuka kumene. Manja wawakhazika pamaondo, zala zili tambasu ngati miyendo ya nkhanu. Akukuyang'ana ngati uli naye ngongole.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Ingres anali katswiri wosalaza khungu. Azimayi ambiri amene anawapenta alibe ngakhale kachipsera. Koma pa Bertin anasiya zonse: khosi lolendewera, zikope zotopa, mpaka kanjerewere ka pafupi ndi diso. Mphamvu za mkuluyu zikuchokera mu ukalamba womwewo. Mutamuchotsera zaka makumi awiri, angasanduke munthu wamba wovala suti.

Kuno kwathu tinazolowera zina. Funsani makolo anu za chithunzi cha Kamuzu chimene chinkapachikidwa m'masitolo ndi m'maofesi, kuyambira mu Limbe mpaka m'tauni, ndipo panalibe chithunzi china chololedwa kukhala pamwamba pake. Mwiniwake ankakalamba, mpaka anachoka pampando mu 1994 ali nkhalamba yeniyeni, koma nkhope ya pakhoma ija sinkakalamba naye limodzi. Chinali chithunzi chotiuza kuti mtsogoleri satha.

Lero ntchito imeneyo tikuigwira tokha, pa agogo athu. Taonani mapologalamu a maliro ndi ma status a pa WhatsApp kuno ku Makata ndi ku Ndirande. Gogo amene analima, kusenza nkhuni ndi kulera zidzukulu zaka zonsezi, tamudutsitsa mu filter mpaka nkhope yasalala ngati ya chidole. Ena mpaka kumuyeretsa khungu. Timati n'kulemekeza. Ine ndimaona ngati n'kufufuta umboni wa zimene munthuyo anapirira.

Timakonda kunena kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nkhope zawo zenizeni tikuchita nazo manyazi. Ngati agogo anu alipo, ajambuleni sabata ino, panja, kuwala kwa dzuwa kukuwamenya cham'mbali. Musakhudze kalikonse. Ana anu adzafuna kuona munthu amene analipodi.