Mawu akuti "mwina" m'kanema wa namgumi

Ndinaonera gawo lachinayi la Blue Planet II, kanema wa BBC wa 2017, ndili m'chipinda changa ku Yeoville mu Johannesburg, mzinda wopanda nyanja. Muli namgumi wamkazi amene akuyendayenda atanyamula mwana wake wakufa, osafuna kumusiya. David Attenborough akunena kuti mwina mwanayo anaphedwa ndi poizoni wa mumkaka wa mayi ake omwe. Ndinalira, sindibisa. Koma ntchito yanga ndi yomasulira, ndipo womasulira amamva timawu ting'onoting'ono. Kamawu kakuti "mwina" ndinakamva, kenaka nyimbo ya chisoni ndi zithunzi za mapulasitiki oyandama zinakakwirira. Woonera amadzuka pampando atagamula kale mlandu: wapha mwana ndi jumbo.

Apa ndi pomwe kanemayu akundikhumudwitsa. Chomwe chinapha mwana uja sanachionetse, pomwe njira imene poizoni amadutsira kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ndi yodziwika bwino, ndipo umboni wina wolimba unapezeka kuno ku South Africa. Mu 1989, Vic Cockcroft ndi anzake analemba za madolofini amene anafera m'maukonde otchingira ashaki m'gombe la Natal. Mankhwala a DDT ndi PCB sasungunuka m'madzi, amakakamira m'mafuta. Dolofini amawadya pang'onopang'ono kudzera mu nsomba, n'kumawasunga m'mafuta okhuthala a pansi pa khungu. Wamphongo amangounjika mpaka imfa. Wamkazi akabereka, thupi lake limasungunula mafuta omwewo kuti lipange mkaka wonona, ndipo poizoni wa zaka zonse zija amatsikira momwemo. Ofufuzawo anapeza kuti mwana wachisamba amalandira pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a katundu ameneyu. Mayi amatsala wopepukidwa, azing'ono ake a mwanayo n'kudzayamwa mkaka wabwinoko.

Kwathu chisamba ndiye amasenza za pamudzi, koma izi zanyanya.

Nkhani imeneyi ikanakwana m'mphindi imodzi ya kanema. Ndikuganiza kuti anaisiya chifukwa DDT sajambulika, komanso ndi wovuta kumuda ndi mtima wonse. Jumbo aliyense angathe kuyitukwana. Koma dziko lino litasiya kupopera DDT m'nyumba mu 1996, malungo anabuka kwambiri ku KwaZulu-Natal, ndipo mu 2000 boma linabwerera ku mankhwala omwewo. Ngakhale pangano la ku Stockholm la 2001, lomwe linaletsa mankhwala oterewa, linasiya mpata wa DDT wolimbana ndi udzudzu. Ine ndinakulira m'nyumba momwe mwana akatentha thupi usiku aliyense amadzuka, choncho sindingaloze chala mayi wa ku Jozini amene amatsegulira chitseko anthu opopera. Komabe ofufuza apeza DDT mumkaka wa amayi a m'madera opoperedwawo. Thupi la munthu limachita zomwezija za dolofini.

Kanemayu anatipatsa maliro a namgumi kuti tilire tili patali, ndipo anajambula mwaluso zedi. Ndikadapatsidwa ntchito yoti ndimuike m'Chichewa, ndikadapempha kuti pa "mwina" paja nyimbo itsike, mawuwo amveke bwinobwino, kenaka wina afotokoze za mafuta ndi mkaka.