Chigawenga Pampando: Riddick ndi Nthondo

Filimu ya The Chronicles of Riddick ndinaionera koyamba ndili mnyamata, m'kanyumba ka vidiyo kuno kwa Mlonyeni, titathithikana pamabenchi uku jenereta ikulira kuseri. Chingerezi cha m'filimumo ambirife sitinkachimva bwino, koma mwamuna wadazi uja atakhala pampando wachifumu, asilikali miyandamiyanda n'kumugwadira, nyumba yonse inasokosera ndi malikhweru. Nanenso ndinaomba nawo m'manja. Mwezi wathawu mphwanga anandionetsanso filimu yomweyo pafoni yake, koma ulendo uno manja anga analemera. Ndakhala ndikudzifunsa chimene chasintha, ndipo ndikuganiza kuti wandisokoneza ndi Samuel Josia Ntara, yemwe buku lake la Nthondo ndinadzaliwerenga nditakula kale.

Kwa amene sanaionerepo, filimuyi inatuluka m'chaka cha 2004. Anaikonza ndi David Twohy ndipo Vin Diesel ndiye akusewera ngati Riddick, chigawenga chopha anthu chomwe chathawapo m'ndende zingapo. Nkhani ikuchitikira kutali m'mlengalenga, komwe anthu amakwera zombo kuchoka dziko lina kupita dziko lina monga momwe ife timakwerera galimoto kupita ku Chipata. Alenje osaka anthu amugwira n'kukamutsekera m'ndende ya pansi pa nthaka padziko lotchedwa Crematoria, komwe dzuwa likangotuluka limapsereza munthu n'kusanduka phulusa. Atathawa kumeneko akukalimbana ndi Lord Marshal, mtsogoleri wa a Necromonger, gulu lankhondo lomwe likumeza maiko limodzilimodzi. Mwambo wa gululi ndi wakuti wopha mnzake amatenga zonse za wophedwayo. Riddick wapha mfumu, choncho ufumu ndi wake. Dzulo mkaidi, lero bwana wa onse.

Twohy ndi mmisiri wochenjera. Pofuna kuti timukonde Riddick, watipatsa adani oipa kuposa iyeyo, moti tikuiwala kufunsa za anthu amene iye anawapha kale. Anali ndani? Anasiya ana angati? Mufilimu yonseyi simuonamo wamasiye ndi mmodzi yemwe wobwera kudzamuloza chala. Mlengalenga ndi motakasuka kwambiri: munthu akalakwa padziko ili amakwera chombo, mlandu n'kutsala kumbuyo. Kwathu kuno timati mlandu suwola, koma mwambiwu umagwira ntchito pokhapokha wolakwa ndi wolakwiridwa akamatunga madzi pachitsime chimodzi.

Ndisamunamizire Twohy. Mathero a filimuyi ali ndi chisoni chake. Mtsikana Kyra, yemwe Riddick ankafuna kumupulumutsa, wafa, ndipo iye akugwera pampandopo chifukwa chotopa, osati monyadira. Pamenepo ndi pabwino, ndipo ife a m'kanyumba kaja sitinapaone. Koma filimu ikuthera pomwepo, pomwe nkhani yeniyeni ikanayambira. Pamene anatulutsa filimu yotsatira mu 2013, ufumu wonsewo anaudutsa m'mphindi zochepa chabe, n'kumutayanso Riddick padziko lachipululu kuti azilimbana ndi zilombo. Kwa ine uku kunali kuvomereza kuti eni nkhani sankadziwa chochita ndi chigawenga chikakhala pampando.

Tsopano tiyeni kwa Ntara. Iyeyu anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo Nthondo linatuluka mu 1933 litapata mphotho pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi pa dzina loti Man of Africa. Bukuli likutsata moyo wa munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira. Paunyamata wake Nthondo ndi wakuba, wabodza ndi wosamva zamunthu. Ayendayenda, abwerera kwawo, ndipo pamapeto pake alongedwa ufumu.

Tikayerekeza ndi Riddick, milandu ya Nthondo ndi yaing'ono. Komabe ine imandilemera kuposa ya mnzakeyo, chifukwa Ntara sanamupatse chombo chothawira. Mfumu ya mudzi imaweruza anthu odziwa ubwana wake, ndipo siidzilonga yokha. Pamakhala akuluakulu ndi azimayi a mbumba oti avomereze. Wowerenga aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti mfumu yotereyi ikamadzudzula wakuba nkhuku pabwalo, pali nkhalamba ina kumbuyoko yomwe ikungoyang'ana pansi, ikumwetulira. Mavuto amenewa ndiwo amapatsa nkhani mnofu.

Ntara nayenso ali ndi pomwe ndimamudandaula. Nthondo akutembenuka mtima n'kukhala Mkhristu, ndipo chakumapeto bukuli limayamba kumveka ngati ulaliki. Ine ndine wopemphera, ndipo sindikutsutsa zoti munthu amasinthika. Koma mlembi akafulumira kumutsuka munthu wake, wowerenga amaona dzanja la mishoni likugwira cholembera. Twohy wamuyeretsa Riddick ndi mpeni, Ntara wamuyeretsa Nthondo ndi madzi a ubatizo. Kusiyana kwake n'kwakuti Ntara anayamba watilola kuona litsirolo pafupi, tsiku ndi tsiku, m'mudzi wa anthu okhala ndi maina.

Wina anena kuti ndikuvutikiranji ndi filimu yongosangalatsa ana. Ndikuvutika chifukwa m'manja momwe tinaombera Riddick ndi momwenso timaombera munthu amene dzulo anali m'khoti pa mlandu wa ndalama zaboma, lero wabwera pagalimoto yaikulu kudzagawa nsalu pamsonkhano. Ndagwira ntchito m'boma zaka zambiri ndithu, ndipo ndaonapo anthu akuimirira mwaulemu polonjera munthu yemwe fayilo yake onse anaiwerenga. Timati ndi dolo. Nkhani zomwe timaonera zimatiphunzitsa poombera m'manja.

Chonsecho mbiri yathu ili ndi zipangizo zolembera nkhani yotereyi mwakuya. Angoni a Zwangendaba, omwe anawoloka Zambezi mu 1835, ankatenga ogwidwa pankhondo n'kuwalowetsa m'mabanja ndi m'magulu awo ankhondo, ndipo ena mwa ogwidwawo ankakwera mpaka kukhala nduna. Chiwere Ndhlovu anali Mnsenga wogwidwa motero, koma anadzapatuka ndi anthu ake n'kukakhazikitsa ufumu ku Dowa. Wogwidwa pankhondo si chigawenga ayi, ndikudziwa. Chomwe ndikuloza ndi chakuti kukwera kwake sikunali kwa tsiku limodzi. Ankafunika anthu omutsata, ndipo anthuwo ankadziwa komwe anachokera.

Shadreck Chikoti anaonetsa mu Azotus the Kingdom, buku la Chingerezi la mu 2015, kuti Mmalawi angathe kulemba za dziko la zaka 500 zikubwerazo. Ine ndikudikira mlembi amene adzatilembere m'Chichewa nkhani ya mkaidi wosanduka nduna mu ufumu wa nyenyezi. Zombo aikemo, ndende yotentha aikemo, sindikana. Koma nduna yatsopanoyo ikamatsika m'chombo itavala mikanjo yaulemu, ndikufuna pabwalopo padzakhale gogo wina atakhala pamkeka, yemwe wayenda ulendo wonsewo kudzafunsa za mbuzi yake.