Chifuwa chachikulu: nkhope ya Garbo ndi chithaphwi cha Kurosawa

Kachilombo koyambitsa chifuwa chachikulu, komwe Robert Koch anakatulukira mu 1882, sikaoneka ndi maso. Motero aliyense wopanga filimu ya matendawa ankayenera kusankha powaika kuti woonera awaone.

Mu Camille ya 1936, George Cukor anawaika pankhope pa Greta Garbo. Nkhaniyi inachokera m'buku la 1848 la Alexandre Dumas wamng'ono, lomwe analemba pokumbukira Marie Duplessis, mtsikana wa ku Paris amene anamwaliradi ndi chifuwachi ali ndi zaka 23. Garbo satsokomola mwachisawawa. Pa phwando lina akuvina, chifuwa chikumutsamwitsa, iye n'kuzemba kupita kuchipinda china anzake akupitiriza kuseka. Apa pali luso, chifukwa tikuona kuti wodwala amasungulumwa ngakhale pakati pa gulu. Koma matenda akamakula, kuwala kwa magetsi kumankira kufewa, nkhope n'kumankira kukongola. Makhololo kulibe, thukuta la usiku kulibe. Marguerite, yemwe Garbo akusewera, akufera m'manja mwa wokondedwa wake Armand ataphoda bwinobwino. Wina anganene kuti nkhaniyo ndi ya nthawi yomwe anthu a ku Paris sankadziwa za kachilomboka. Inde, koma oonera a mu 1936 ankadziwa, ndipo ambiri anali ataikapo abale awo. Cukor anawagulitsa imfa yochapidwa, iwo n'kugula mokondwa.

Akira Kurosawa, mu Drunken Angel ya 1948, anatembenuza kamera n'kuloza pansi. Pakati pa dera losauka la mu Tokyo, nkhondo itangotha, pali chithaphwi chakuda chodzaza zinyalala ndi udzudzu, ndipo kamera imabwererako mobwerezabwereza. Palibe amene akunena kuti madziwo ndiwo amapatsa chifuwa. Chithaphwicho chikuimira umphawi ndi kuola komwe matenda amakonda. Toshiro Mifune ndi Matsunaga, chigawenga chachinyamata chomwe chabwera kwa dokotala kudzachotsa chipolopolo m'dzanja, chikunama kuti ndi msomali. Dokotala Sanada, chidakwa chamkamwa moyabwa chomwe akusewera Takashi Shimura, akumva chifuwacho n'kumuuza mosapsatira kuti akajambulitse mapapo. Mnyamatayo akuyankha ndi zibakera.

Ichi ndicho chimandigwira mtima: Kurosawa anajambula manyazi ndi kukana, zomwe aliyense amene anadwazikapo munthu wa chifuwachi amazidziwa. Masaya a Mifune amalowa m'kati pang'onopang'ono, mwina mopitiriza muyeso (utoto wa kunkhope kwake umaonekera kwambiri kumapeto), ndipo magazi amatuluka osapempha chilolezo. Anzake a Matsunaga akumutaya, chibwenzi chake n'kupita kwa bwana wina, Okada.

Komatu si chifuwa chomwe chikumupha. Akufa ndi mpeni wa Okada, awiriwo akuterereka mu penti yemwe watayika pansi, opanda ulemu uliwonse. Wochira mufilimuyi ndi mtsikana wasukulu amene amangotsatira zomwe dokotala wanena, ndipo Kurosawa anamupatsa mphindi zochepa chabe.