Chiombankhanga cha 1933

Ilire ng'oma, mwini dzina alowe m'bwalo! Ndinu ndalama ya Double Eagle, Chiombankhanga chagolide, mwana wa ku Philadelphia wobadwa mu 1933, chaka chimene mabanki a ku America ankatseka zitseko. Ndinu Mmanja-mwa-Saint-Gaudens, mmisiri amene anakukonzerani maonekedwe: kumaso mayi waufulu wanyamula muuni, kumsana chiombankhanga chauluka pamwamba pa dzuwa.

Ndinu Mpulumukang'anjo! Munasulidwa 445,500, koma musanalowe mumsika Pulezidenti Franklin Roosevelt analamula kuti golide abwerere kuboma. Abale anu anasungunulidwa pamoto. Awiri anakasungidwa ku nyumba yosungiramo zakale ya Smithsonian, ochepa anazembetsedwa mwakuba, ndipo a Secret Service anawasaka mmodzimmodzi mpaka kuwalanda.

Ilire ng'oma! Ndinu Mlendo-wa-mfumu, Muwolokanyanja! Mu 1944 Mfumu Farouk ya ku Egypt inagula mmodzi mwa ozembetsedwawo, ndipo boma la America lomwelo linasaina chilolezo choti atuluke m'dziko lisanadziwe za kubako. Mfumu inagwetsedwa mu 1952. Chuma chake chitaikidwa pamalonda ku Cairo mu 1954, ndalama ija inangoti zii! Mu 1996 munatulukira ku New York m'manja mwa wamalonda wa ku Britain, odziwa mbiri nati ndinu yemwe uja wa Farouk. Munalandidwa, mlandu unakhala, ndipo chikalata chija ndicho chinakuimirirani.

Ndinu Mpulumukakawiri! A boma ankakusungani ku World Trade Center, nakusamutsirani ku Fort Knox mu July 2001, patangotsala miyezi iwiri kuti nyumba zija zigwe. Ndani angamve zimenezi mtima wake osagunda?

Ilire, ilirenso! Ndinu Wochepathupi, Mlemeradzina! Pathupi panu panalembedwa madola 20, ndipo golide wanu safika ngakhale aunsi imodzi. Komabe mu 2002 Stuart Weitzman, katswiri wa nsapato, anapereka madola 7.59 miliyoni, kuphatikizapo madola 20 oti mukhale ndalama yovomerezeka. Mu June 2021 pamalonda a ku Sotheby's munagulidwa pa madola 18.9 miliyoni. Ine ndikuti ogulawo sankayeza golide pasikelo. Ankalipira ulendo wanu ndi chikalata chanu, ndipo sanalakwe. Taonani abale anu khumi amene banja lina linawapeza m'bokosi la kubanki mu 2003: golide yemweyo, chaka chomwecho, koma analibe pepala, ndipo khoti linawasiya m'manja mwa boma.

Ndinu Watsalayekha! Mwa onse a 1933, ndinu nokha amene lamulo limalola munthu kukhala nanu ngati chuma chake.