Nyumba Ziŵiri m'Mabuku a Anne Perry

Pakati pa mabuku a nkhani zopeka olembedwa m'Chingerezi pali mtundu wina umene anthu ambiri amaukonda. Nkhani yake imakhala ya masiku amakedzana: munthu waphedwa, wakupha sakudziŵika, ndipo amene akulondola mapazi ake ndi mwamuna pamodzi ndi mkazi wake. Elizabeth Peters adayamba otere m'chaka cha 1975, ndipo Amelia Peabody ndi Radcliffe Emerson ake amafufuza milandu ku Ejipito. Koma mwezi uno ndifuna tilingalire za mabuku a mai Anne Perry, chifukwa muli phunziro limene likhudza mabanja athu.

Buku lao loyamba, The Cater Street Hangman, lidatuluka m'chaka cha 1979, ndipo nkhani yake ichitikira mu mzinda wa London m'chaka cha 1881. Atsikana akupezeka atanyongedwa ndi waya m'mbali mwa mseu. Wapolisi amene watumidwa ndi Thomas Pitt, mwana wa mlonda wa nyama za m'nkhalango ya munthu wolemera. Pofunsa mafunso afika pa banja lolemekezeka la a Ellison, kumene akumana ndi Charlotte, namwali wosadziŵa kubisa maganizo ake. Pambuyo pake aŵiriŵa akwatirana, ngakhale kuti pa masiku amenewo mwana wa banja lotere kukwatiwa ndi wapolisi kudali kudzitsitsa. Mabuku oposa 30 adatsatira, onse osimba za banja limeneli.

Nanga nchifukwa ninji wolemba adafuna anthu aŵiri pa ntchito imene wapolisi mmodzi akadaigwira? Yankho lili m'makhalidwe a nthaŵi imene ija. Pitt akafika pa nyumba ya anthu olemera, amamuyesa ngati wantchito, ndipo eni nyumba amamuuza zokhazo zimene afuna kuti amve. Charlotte, pokhala wobadwira m'mabanja otere, amaloŵa m'chipinda cha alendo, namwa tiyi ndi amai, namva zimene sanganene pamaso pa mwamuna. Pitt ali ndi umboni wa dotolo ndi wa mboni. Charlotte amadziŵa chifukwa chimene mai wina adakhalira chete dzina lina litatchulidwa. Aliyense ali ndi theka la choona. Mlandu umatha chifukwa madzulo amakhala pansi kukhitchini kwao ndi kuuzana zonse. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga.

Apa ndi pamene pali mphamvu ya mabukuŵa. Perry amaika nyumba ziŵiri pafupi kuti tiziyerekeze. Ina ndi yaing'ono, ndalama nzoŵerengeka, koma anthu amalankhulana. Ina ndi yaikulu, ya antchito ambiri, koma yomangidwa pa zinsinsi. M'buku loyamba lija, mantha ataloŵa m'banja la a Ellison, akazi ayamba kudzifunsa kumene amuna ao adali usiku wa imfa, ndipo azindikira kuti akhala zaka zambiri ndi anthu amene sawadziŵa. Kusakhulupirika kwakale kuululika. Asanapezeke nkomwe wakupha, banjalo lavulala kale, ndipo chimene lavulala nacho ndi bodza limene lidasungidwa pofuna kuteteza mbiri yabwino.

Mkristu akaŵerenga izi akumbukira mabanja aŵiri a m'buku la Ntchito za Atumwi. Ananiya ndi Safira adagwirizana kubisa gawo la ndalama za munda, ndipo onse aŵiri adafa tsiku limodzi. Akwila ndi Prisila adamtenga Apolo, namfotokozera pamodzi njira ya Mulungu molongosoka. Mabanja onse aŵiri adali ogwirizana. Funso nlakuti: kodi mwamuna ndi mkazi agwirizana pa chiyani, kubisa kapena kuulula?

Komabe mabukuŵa ali ndi zofooka zake. Perry amabwereza njira imodzimodzi, kotero kuti ukaŵerenga asanu uyamba kuyembekeza kuti tchimo likapezeka kwa munthu waulemu koposa onse. Nthaŵi zina amalalikira kumene akadangosimba. Chodetsa nkhaŵa kwambiri nchakuti Charlotte, pofuna kuloŵa m'nyumba zina, amabisa kuti ndi mkazi wa wapolisi, ndipo wolemba sazengereza nazo, ngati kuti cholinga chabwino chimayeretsa bodza. Makolo amene apatsa ana ao mabukuŵa achita bwino kukambirana nao mfundo imeneyi. Ndiponso nkhani imatha pamene wolakwa wadziŵika. Za kulapa, za kukhululuka, za momwe banja losweka lidzakhalirenso pamodzi, timamva pang'ono chabe.

Moyo wa wolemba mwini wake udapitirira pamene mabuku ake amalekezera. M'chaka cha 1994 zidadziŵika kuti Anne Perry ndi yemwe kale adali Juliet Hulme, amene mu 1954, ali ndi zaka 15, adathandiza mnzake kupha amai a mnzakeyo ku Christchurch, m'dziko la New Zealand. Adakhala m'ndende zaka zisanu, nasintha dzina, nakhala zaka 35 anthu ambiri osadziŵa. Adamwalira mu 2023. Si kwa ife kuweruza mtima wake. Amene auona ndi Mulungu yekha. Koma munthu amene adalemba kaŵirikaŵiri za nyumba zosunga chinsinsi ankadziŵa kulemera kwa katundu wotere.

Ambiri a ife sitidzafufuza mlandu wakupha. Koma m'banja lililonse muli zinthu zimene mmodzi aona ndipo wina saziona: ngongole imene bambo sadanene, matenda amene mai akubisa, mwana amene wayamba kubwera usiku. Inu bambo, inu mai, pa tsiku la ukwati wanu mudalonjezana kukhulupirika pamaso pa Mulungu ndi pa Mpingo. Kodi madzulo ano, ana atagona, pali chimene mnzanu ayenera kumva kuchokera pakamwa panu, asanachimve kwa ena?