Ndani Analemba Maina a ku Wiriyamu? Mabuku Awiri ndi Makope a Ophunzira Athu

Kumapeto kwa cigawo capitaci tinapempha makalasi a akulu a kuno ku Amaramba kuti aliyense wodziwa kugwira pensulo alembe cimangirizo pa mutu wakuti "Nthawi ya Apwitikizi kwathu kuno". Makope anabwera, ena akununkha utsi wa m'khichini, ena ali ndi madontho a mafuta a koloboyi. Tawawerenga onse. Tiyambe ndi kukuthokozani inu atsogoleri a makalasi, pakuti amai amene dzana ankadinda cala lero akudzaza tsamba lathunthu. Koma tikakubisirani cimene tapeza, ndiye kuti sitikukufunirani zabwino. Zimangirizo zambiri zili ndi nthenda imodzi: mulibe maina a eni nkhani.

Ena alemba kuti azungu anali oipa, anthu anavutika kwambiri, basi, mau omwewo mpaka pansi pa tsamba. Anthu ake ati? Anavutika motani, caka citi, pa mudzi wa yani? Ena alemba za wansembe wacizungu wacifundo. Dzina lake lilipo, ngakhale mtundu wa njinga yake ulipo, koma amene ankamumasulira mau, amene ankamuolotsa pa bwato, amene anamenyedwa mbalamatodya iye asanafike, onsewo angochedwa "anthu akumudzi". Eti agogo ake enieni a wolembayo asanduka "anthu akumudzi"!

Pofuna mankhwala a nthendayi, tabwerera ku mabuku awiri onena za tsoka limodzi lomwe linagwa m'cigawo ca Tete. Loyamba ndi Wiriyamu, la Bambo Adrian Hastings, lomwe linatuluka mu 1974. Laciwiri ndi The Portuguese Massacre of Wiriyamu in Colonial Mozambique, la Mustafah Dhada, lomwe linatuluka mu 2016. Tiwayeze onse awiri, tione comwe angatiphunzitse pa kalembedwe, ndiponso pa funso lomwe ophunzira amatifunsa kawirikawiri lakuti: nanga azungu amene anakana tsankho tiwaike pati m'mbiri yathu?

Nkhani yake ili motere. Pa 16 Disembala 1972 asilikali a Apwitikizi, pamodzi ndi apolisi acinsinsi a DGS amene kale ankachedwa PIDE, anazinga midzi ya Wiriyamu, Juwau, Chawola ndi ina yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete. Ponena kuti midziyo inkathandiza Frelimo, anapha anthu wamba, amai, ana ndi nkhalamba. Ena anawomberedwa, ena anatenthedwa m'nyumba. Kwa miyezi isanu ndi umodzi ndi masabata, anthu ambiri a maiko akunja sanamve kanthu. Pa 10 Julai 1973 nyuzipepala ya The Times ya ku London inasindikiza nkhaniyi pa tsamba loyamba, yolembedwa ndi Hastings, wansembe wa Katolika wa ku England amene anagwirapo nchito ku Uganda, Tanzania ndi Zambia. Nkhaniyo inatuluka kutatsala masiku ocepa kuti Marcelo Caetano, nduna yaikulu ya Portugal, afike ku London kukakondwerera zaka 600 za ubwenzi wa maiko awiriwo.

Boma la Portugal linakana kwa mtuu wa galu, mpaka kunena kuti mudzi wochedwa Wiriyamu kulibe, pa mapu suoneka. Otsutsa ena anati Hastings sanapondepo ku Wiriyamu, ndipo pamenepo sananame. Nanga nkhaniyo inalimba ndi ciani? Inalimba ndi kalembedwe ka lipoti lomwe iye anatenga kwa ansembe a ku Spain, a cipani ca Burgos, amene ankatumikira ku Tete. Lipotilo silinangoti anthu anavutika kwambiri ai. Linachula tsiku, linachula midzi, linandandalika maina a akufa, ena ndi zaka zao zomwe. Munthu ungathe kukana ciwerengero, koma kukana mzere wa maina, lililonse lili ndi abale ake amoyo, n'kovuta. Apa ndipo pagona mphamvu ya buku la Hastings, ndipo tikulitamanda cifukwa cosunga umboniwo osaukometsera.

Komabe bukuli lili ndi popelewera. Mbali yaikulu ikunena za mkangano wa ku Ulaya: anakana ndani, nyuzipepala iti inati ciani, Mpingo ndi boma la Portugal zinkakhalirana motani. Anthu a ku Wiriyamu timakumana nao pa tsiku la imfa yao lokha. Sitimva bwino za minda yao, ng'ombe zao, mafumu ao, kapena zomwe ankakambirana m'mabwalo nkhondo itawafika pakhomo. Sitikumuweruza Hastings pa cimeneci. Analemba mwacangu, ali kutali, Portugal isanasiye dziko lino, ndipo colinga cake cinali kugwedeza a kwao. Koma wowerenga wosacenjera angatseke bukulo akuganiza kuti coonadi ca Wiriyamu cinabadwira ku London.

Buku la Dhada ndilo likuongola pamenepa. Dhada, wolemba mbiri wobadwira ku Mozambique konkuno, anapita ku Tete nkhondo ya paciweniweni itatha, nakhala pansi ndi opulumuka, ansembe, ngakhale ena mwa amene anali mbali ya akuphawo. Iye anatsimikiza maina 385 a anthu ophedwa, nafotokozanso moyo wa midziyo tsoka lisanagwe. Coposa zonse kwa ife, anaonetsa poyera dzanja loyamba lomwe linagwira colembera. Linali dzanja la Bambo Domingos Ferrão, wansembe wakuda wa ku Tete, amene anamvetsera opulumuka, ena ali ndi mabala m'cipatala ca Tete, nayamba kusonkhanitsa maina. Ansembe a Burgos, monga Vicente Berenguer ndi José Sangalo, anagwira naye nchitoyo, anzao anatulutsa mapepalawo m'dziko mobisa, ndipo Hastings anawafikitsa pa nyuzipepala. Paja mutu umodzi susenza denga. Koma tionetsetse dongosolo lake: anayamba ndi opulumuka amene analimba mtima kulankhula, kenaka mwana wa m'dera momwemo amene analemba, ndipo alendo anabwera pambuyo kudzanyamula.

Nalonso buku la Dhada tili nalo ndi dandaulo. Ndi lolemera, la kusukulu za ukacenjede, lolembedwa m'Cingelezi, ndipo ngakhale linamasuliridwa m'Cipwitikizi, mdzukulu wa munthu wophedwa amene amawerenga Cinyungwe kapena Cinyanja cokha sangalitsegule n'kupezamo agogo ake. Mabuku onse awiri akulankhula za anthu athu kwa anthu akutali. Dzenje limeneli ndi limene makalasi athu angakwirire.

Tsono za azungu okana tsankho titi ciani? Coyamba, analipodi, ndipo kuwafafaniza m'cimangirizo ndi bodza. Bishopu Sebastião Soares de Resende wa ku Beira, amene anamwalira mu 1967, anadzudzula cibalo ndi ulimi wa thonje wokakamiza. Mu 1971 ansembe a White Fathers anacoka m'dziko lino onse pamodzi, pokana kuti Mpingo ukhale cophimba zocita za boma. Ansembe awiri a Burgos, Alfonso Valverde ndi Martín Hernández, anatsekeredwa m'ndende ya Machava cifukwa coulula za kuphedwa kwa anthu ku Mucumbura. Bishopu Manuel Vieira Pinto wa ku Nampula anathamangitsidwa mu Epulo 1974. Kuno ku Niassa, wansembe wa Anglican John Paul wa ku Messumba analemba zomwe anaona pa nkhondo m'buku lomwe linatuluka mu 1975. Amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kao kanali khungu ndi pasipoti: zitseko zomwe tsankho linatseka kwa munthu wakuda zinkatseguka kwa iwo, ndipo anasankha kulowamo atasenza mau a anthu otsekeredwa kunja. Imeneyo ndiyo nchito yoyenera mzungu wokana tsankho, kulankhula kwa a mtundu wake kumene mau athu sankaloledwa kufika.

Caciwiri, anali owerengeka, ndipo ife a mpingo tisadzinyenge. Pangano la 1940 pakati pa Portugal ndi Vatican, ndi lamulo la mamishoni la 1941, zinapereka sukulu za ana akuda m'manja mwa mamishoni a Katolika, sukulu zotsika zosiyana ndi za ana a azungu. Ansembe ambiri ndi mabishopu ambiri anakhala cete. Amene analankhula ankatsutsana ndi boma, komanso nthawi zina ndi akuluakulu ao omwe.

Cacitatu, mtengo umene analipira sunafanane ndi wa eni dziko. Sitikucepetsa ndende kapena kuthamangitsidwa. Koma mlendo ndi mame. Wansembe wacizungu akathamangitsidwa ankakwera ndege kupita kwao. M'busa Zedequias Manganhela wa mpingo wa Presbyterian, munthu wakuda, anafera m'ndende ya Machava mu Disembala 1972, mwezi womwewo wa Wiriyamu. Iye analibe kwao kwina kothawira. Wophunzira akalemba za Vieira Pinto nasiya Manganhela, kapena za Hastings nasiya Ferrão, wabwezeretsa pa pepala tsankho lomwe anthu amenewa ankalimbana nalo, lija loti mzungu ali ndi dzina, wakuda ndi gulu cabe.

Citsanzo cabwino tili naco m'cigawo cathu comwe cino. Yohana Abdallah, wansembe wa Ciyao wa ku Unangu, analemba mbiri ya mtundu wake m'Ciyao, buku lochedwa Chiikala cha Wayao, lomwe linasindikizidwa ku Zomba mu 1919. Dokotala wacizungu, Meredith Sanderson, ndiye analimasulira m'Cingelezi. Mwini nkhani analemba, mlendo anathandiza kuti imveke kutali, ndipo dzina la mwini linakhala pa buku. Ngati zinatheka mu 1919, zingakanike bwanji lero ku Amaramba?

Tifike tsono m'kalasi. Tikupempha zinthu zinai, ndipo palibe cofuna ndalama.

Coyamba, lembani pa bolodi mafunso anai: ndani, liti, kuti, wamva kwa yani. Wophunzira asanapereke kope, adziyankhe yekha mafunsowo. Akalemba kuti anthu anavutika ndi thonje, mufunseni: amai, ndani anakuuzani? Akati ndi azakhali, alembe kuti azakhali anga anandiuza kuti anasenza thonje kucokera kumudzi mpaka ku sikelo, nabwerako ndi ndalama zosakwana msonkho. Ciganizo cimeneco cokha caposa tsamba lathunthu la madandaulo opanda mwini.

Caciwiri, thandizani ophunzira kupeza caka. Akuluakulu athu sawerenga zaka ndi manambala, amawerenga ndi zocitika, ndipo inu mukhale ndi mizati yoti muzimangirirapo. Kampani ya Niassa, yomwe inkatolera msonkho wa nyumba kuno, inatha mphamvu mu 1929. Lamulo losiyanitsa anthu ochedwa indígena ndi nzika linathetsedwa mu 1961. Nkhondo ya ufulu inayamba mu Seputembala 1964. Njanji yocokera ku Cuamba, kumene nthawi imeneyo kunkachedwa Nova Freixo, inalumikizana ndi Malawi kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi mu 1970. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, ndipo mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Gogo akati zinacitika sitima isanayambe kudutsa pa Entre Lagos, mwapeza kale poyambira.

Cacitatu, phunzitsani kusiyanitsa coona ndi maso ndi cakumva. Zonse ziwiri n'zololedwa, bola wolemba anene poyera kuti ici ndinaona, ici ndinamva. Hastings sanabise kuti akunyamula umboni wa ena, n'cifukwa cake omutsutsa analephera kumugwetsa ngakhale anamunena kuti sanafike pa malopo.

Cacinai, dzina ndi mpeni wakuthwa konsekonse. Mu 1973 maina omwe anamveka pa dziko anali a alendo, ndipo m'pomveka, pakuti kulengeza wa m'dziko amene anasonkhanitsa umboni kukanakhala kumupereka kwa DGS. Ifenso tili ndi mabala a nkhondo ya zaka 16, ndipo amene anacita ndi amene anacitiridwa amagula nsomba pa dooko limodzi. Conco wophunzira apemphe cilolezo asanalembe dzina la munthu wamoyo, ndipo kalasi lisasanduke bwalo la milandu. Maina amene tikuwalirira ndi a eni nkhani, amene avomera kuti zao zikumbukike.

Mu Seputembala 2022 nduna yaikulu ya Portugal ya nthawi imeneyo, António Costa, inapepesa ku Maputo cifukwa ca Wiriyamu, patatha pafupifupi zaka 50. Boma lomwe kale linkati mudziwo kulibe linafika povomera, ndipo ciyambi cake cinali munthu mmodzi wa ku Tete amene anakhala pambali pa ovulala ali ndi pepala, nafunsa kuti anafa ndani, dzina lake ndani.

Cigawo cikubweraci tibwereza mutu womwewo. Aliyense abwere ndi tsamba limodzi, la munthu mmodzi wa kwao, lokhala ndi dzina, mudzi, caka ndi amene anamuuza. Ngati m'nkhanimo muli mzungu amene anacita cilungamo, alembedwe ndi dzina lake ndi cimene anacita, osaonjezera, osacotsera. Koma agogo akhale pa mzere woyamba. Makope amenewo mutitumizire mvula isanatseke miseu.