Phula la Juno ndi Prophet

Woimba ngoma ku Tamanda akafuna kuti ilire mozama amamata phula pakati pa chikopa. Mu synthesizer yakale ntchito ya phulayo imagwiridwa ndi chip chosefa mawu. Chimachotsa kuthwa konse, n'kusiya kunenepa kuja kwa disiko ya nthawi imene Patrick Mwondela ndi makiyibodi ake anatembenuza gulu la WITCH pa zimbale za Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984.

Koma machip amenewa amafa, ndipo mafakitale ake anasiya kalekale kuwapanga. Roland Juno-106 ya mu 1984 ili ndi mawu 6, liwu lililonse ndi chip chake, 80017A. Utomoni wakuda umene anachikutira ukakalamba umayamba kudutsitsa magetsi. Ukasindikiza manotsi motsatana, imodzi imangoti zii, kapena imalira osaleka. Mmisiri amachizula, kuchiviika mu acetone, n'kusenda utomoniwo pang'onopang'ono mpaka timawaya tionekere. Dzanja likanjenjemera, chapita.

N'chifukwa chake ena anayamba kuwapanganso. Dave Rossum, amene anakonza SSM2044 ya mu Korg Polysix, anathandiza kampani ya Sound Semiconductor kutulutsa SSI2144. Ku Riga, m'dziko la Latvia, kampani ya Alfa imapanga AS3320 m'malo mwa CEM3320 ya Doug Curtis.

Alipo okonda zakale amene amati zonsezi ndi gonga. Ine sindivomereza. Prophet-5 yeniyeniyo, imene inatuluka mu 1978, inayamba ndi SSM2040, kenaka n'kusinthira ku CEM3320, ndipo oimba akhala akukangana kuti yokoma ndi iti. Nanga yoyambirira imene akuiteteza ndi iti pamenepa? Dave Smith, amene anaipanga, ataibweza mu 2020 anangoikamo masefa onse awiri, woimba azisankha yekha.

Pomwe ndili ndi mawu ndi pa kabatani kopotoza kamene anawonjezerapo, kotchedwa Vintage. Ntchito yake ndi kusokoneza dala mawu kuti asafanane ndendende. Apa opanga anaulula okha kuti kukoma kwa makina akale kunali m'kusiyanako: liwu ili lowala pang'ono, linzake lofooka, onse akamalira pamodzi nyimbo n'kumapuma. Kusiyana kochita kugula ndi batani kumandimvekera kwaulemu kwambiri, sikudzidzimutsa khutu.

Luso lalikulu ndimaliona mwa mmisiri amene wamaliza kuwotcherera chip chatsopano pakati pa zisanu zakale mu Juno. Ayenera kutenga kasikuludiraiva, kupotoza timabatani ta m'kati liwu ndi liwu, mita ili apo, khutu lili tcheru, mpaka mlendoyo agwirizane ndi eni nyumba. Akalinganiza mopitirira, Juno imalira ngati makiyibodi a digito amene adzaza m'matchalitchi a ku Chipata. Amenewo akafa palibe chopotoza, wokonza amangofunsa ngati mungapeze bolodi lina ku Lusaka.